Chitradurga: Dzina Limatama Mwala, Anthu Amatchula Madzi

Ukanyamuka ku Bengaluru n'kulunjika kumpoto chakumadzulo pamsewu waukulu wopita ku Pune, pakatha makilomita ngati 200 dziko limasintha nkhope. Mitengo imayamba kutalikirana, nthaka imauma gwa, ndipo kutsogolo kumatulukira mapiri a miyala yokhayokha, ikuluikulu, yobulungira, yosanjikizana mwakuti umadabwa kuti ina ikugwira pati. Patsinde pa mapiriwo pali tauni ya Chitradurga, likulu la boma la dzina lomweli m'chigawo cha Karnataka, kummwera kwa dziko la India, kwawo kwa anthu oyankhula Chikannada. Mbiri ya malowa ilimo m'mabuku, koma yochuluka inasungidwa m'maina: la tauni, a maiwe, a mipata ya m'linga, a maudindo a anthu. Tiyeni tiwamasule mainawa, chifukwa akamasuka amanena zoona zimene munthu wongoyang'ana zipupa sangazione.

Dzina lonse, lisanafupikitsidwe, ndi Chitrakaldurga, ndipo muli mawu atatu. Oyamba ndi "chitra", ochokera ku Chisanskrit, chiyankhulo chakale cha ansembe ndi cha kubwalo la mafumu. Amanena chithunzi, chinthu chamawangamawanga, kapena chilichonse chokopa maso. Achiwiri ndi "kal", omwe lero amati "kallu". Awa ndi mawu enieni a Chikannada, a mlimi ndi mbusa, ndipo tanthauzo lake ndi mwala. Achitatu ndi "durga", linga. Tikawalumikiza tikupeza linga la miyala yokongola ngati yojambula. Ena amati poyamba sanali "chitra" koma "chatra", ambulera, ponena phiri lina la pamalopo limene mutu wake unaphimba ngati ambulera. Matanthauzo onse awiriwa akuloza chinthu chimodzi: amene anatcha dzinali anaimirira, nakweza maso, nagoma ndi maonekedwe a miyala.

Pofupikitsa dzinali, mawu amene anagwa ndi a pakatiwo, a eni nthaka. Komatu mwala sunachoke m'kamwa mwa anthu. Mpaka lero lingali amalitcha Kallina Kote, linga la mwala, ndipo mwala ndiwo unasunga uthenga wakale koposa wa derali. Kumpoto kwa bomali, ku Brahmagiri, kuli thanthwe limene anthu a m'midzi ankalitcha Aksharada Gundu, chimwala cha zilembo. M'chaka cha 1892 katswiri wa zolemba zakale, B. Lewis Rice, anazindikira kuti zilembozo ndi malamulo a mfumu Ashoka, amene analamulira mbali yaikulu ya India zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe. Zolemba zina zotere zili pafupi pomwepo, ku Siddapura ndi ku Jatinga Rameshwara. Zimatchula mudzi wa Isila, ndipo zimalangiza za kumvera makolo, kulemekeza mphunzitsi, kuchitira chifundo zamoyo ndi kunena zoona. Wosema zilembozo anali Chapada. Uthenga wonse anaulemba m'zilembo za Brahmi, koma atafika pa mawu onena ntchito yake, akuti mlembi, anatembenukira ku zilembo za Kharosthi, za kutali kumpoto chakumadzulo. Munthu uyu anasiya chizindikiro cha kumene anaphunzira ntchito pa thanthwe la dziko lachilendo, ndipo patha zaka zoposa 2,000 chikuwerengekabe.

Pafupi ndi tauni yeniyeniyo pali chigwa cha Chandravalli. Kumeneko M. H. Krishna, ndiponso Mortimer Wheeler m'chaka cha 1947, anafukula mabwinja a mudzi wakale. Anapeza ndalama za mafumu a Satavahana ndi ndalama zasiliva za ku Roma za m'nthawi ya Augustus ndi Tiberius. Malo amene lero amaoneka ngati kumapeto kwa dziko anali panjira ya amalonda mafumu a lingali asanabadwe n'komwe.

Tsopano tibwere ku mawu amene anatsala olimba m'dzinali. "Durga" amagawika pawiri: "dur", kutanthauza movutikira, ndi "ga", kuchokera ku tsinde lonena kupita. Durga ndi malo ovuta kufikako. Linga silitchulidwa ndi zipangizo zake ayi, limatchulidwa ndi thukuta la mdani wofuna kulilowa. Dzina la mulungu wamkazi Durga, amene Ahindu amamupembedza ngati wosagonjetseka, likuchokera pa muzu womwewu. Ife sitingadabwe kuti mawu onena linga anasanduka dzina la likulu la dera, pakuti nawo mawu athu akuti boma anayamba ndi kunena mpanda wotetezera malo asanafike ponena ofesi ya DC ndi ulamuliro wonse.

Aliyense amene analanda malowa anayesa kulipinda dzinali kuti likwane pa lilime lake. Tipu Sultan, wolamulira wa ku Mysore, analitcha Farrukhyab Hisar, dzina la Chiperisiya limene linadindidwa ngakhale pa ndalama zake, koma linapita naye limodzi. Angerezi ankalemba Chitaldroog, ndipo "droog" anasanduka mawu awo onena linga lililonse la paphiri kummwera kwa India. Eni ake sanavutike nazo. Pocheza amangoti Durga, ndipo aliyense amadziwa kuti akunena kuti. Mlembi wotchuka wa m'bomali, T. R. Subba Rao, amene ambiri amamudziwa ndi dzina lakuti TaRaSu, anatcha buku lake la kugwa kwa lingali Durgaastamana, kulowa kwa dzuwa la Durga. Bukuli linapata mphoto ya Sahitya Akademi m'chaka cha 1985, mwini wake atamwalira kale.

Kuvuta kufikako kumaoneka bwino m'dzina lina la lingali, Elusuttina Kote. "Elu" ndi zisanu n'ziwiri, "suttu" ndi kuzungulira, "kote" ndi linga. Zipupa zisanu n'ziwiri zimazinga phirilo, china m'kati mwa chinzake, kuyambira m'tauni mpaka ku Meldurga, linga la pamwamba. Zipata sizinayang'anizane. Ukalowa chimodzi njira imakhota mwadzidzidzi, kenako imakhotanso, kuti njovu yankhondo isapeze pothamangira n'kudzagunda chitseko, ndi kuti wolowa aliyense aonetse nthiti zake kwa alonda a pamwamba. Pa miyala yambiri pakuonekabe mizere ya timaenje ting'onoting'ono, tolingana, timene amisiri ankaboola pong'amba thanthwe. Sanapite kutali kukafuna zomangira: phiri lomwelo analiswa n'kulimanganso. Kumunsi kuli mphero zinayi zikuluzikulu zotchedwa Maddu Beesuva Kallu, miyala yoperera onga wa mfuti. Kulinso maenje osemedwa m'thanthwe otchedwa Enne Kola ndi Tuppada Kola, osungiramo mafuta ndi mafuta a mkaka. Aliyense mwa mainawa amangonena ntchito ya chinthucho, mosakometsera.

Zipupa zambiri zimene zikuoneka lero ndi ntchito ya mafumu otchedwa Nayaka. Mawuwa akuchokera ku tsinde la Chisanskrit lonena kutsogolera, ndipo poyamba unali udindo wa mkulu wa asilikali pansi pa ufumu wa Vijayanagara. Anthu otere ankatchedwanso "palegara", mwini "palya", kutanthauza msasa kapena kadera kamene anapatsidwa kuti ayang'anire. Ufumu wa Vijayanagara utasweka pa nkhondo ya ku Talikota m'chaka cha 1565, oyang'anira misasa anakhala mafumu paokha. Mbumba ya Timmanna Nayaka inagwira Chitradurga kwa zaka pafupifupi 200. Sanali a mtundu wa mafumu akale. Anali a mtundu wa Beda, dzina lotanthauza mlenje, anthu a uta ndi ziweto, odziwa phanga lililonse la m'mapiriwo. Mmodzi mwa iwo, Bharamappa Nayaka, amene analamulira kuchokera 1689 mpaka 1721, amakumbukiridwa chifukwa cha akachisi ndi maiwe amene anamangitsa. Angapo anatenga dzina lakuti Madakari, lochokera ku "mada", ukali wa njovu yamphongo ikalusa, ndi "kari", njovu.

Madakari wotsiriza anapezeka pakati pa zimphona ziwiri, Amaratha kumpoto ndi Hyder Ali wa ku Mysore kummwera. Anayesa kudalira uyu, kenako uyo, koma mapeto ake Hyder Ali anazinga lingali kangapo mpaka kulilanda m'chaka cha 1779. Madakari anatengedwa ukaidi kupita ku Srirangapatna, kumene anafera. Patangotha zaka 20, mu 1799, Tipu Sultan mwana wa Hyder Ali anaphedwa ndi Angerezi, ndipo Chitradurga inalowa m'manja mwa mafumu a Wodeyar a ku Mysore, Angerezi akuyang'anira pamwamba. Inakhala m'dziko la Mysore mpaka India atalandira ufulu, ndipo chigawocho chinatchedwa Karnataka m'chaka cha 1973.

Komabe ukafunsa mwana wa sukulu ku Karnataka kuti ku Chitradurga akudziwako yani, dzina lofulumira kutuluka si la mfumu. Ndi la Onake Obavva. "Avva" ndi mayi. "Onake" ndi munsi, womwewu wosinjira mumtondo, ndipo wa kumeneko nthawi zambiri umakhala ndi chitsulo kunsonga. Nkhani imene anthu akhala akusimbirana imati pa nthawi ina ya nkhondo za Hyder Ali, mwamuna wa Obavva anali mlonda woliza lipenga pafupi ndi mng'alu wina wa pakati pa matanthwe, woti munthu mmodzi yekha n'kudutsa chokwawa. Masana mlondayo anapita kunyumba kukadya. Akudya anafuna madzi, ndipo mkazi wake anatenga mtsuko kupita kukatunga. Ali panjira anaona asilikali a adani akusuzumira pa mng'alu uja. Mwamuna sanamudzutse pa chakudya. Anatenga munsi n'kuima pambali pa mpatawo. Wotulutsa mutu amamukantha, n'kumukokera pambali kuti wotsatira asadziwe kanthu, mpaka mlonda uja atabwera n'kuliza lipenga. Nkhaniyi imati Obavva anamwalira tsiku lomwelo.

Malowa lero amatchedwa Onake Obavvana Kindi. "Kindi" ndi kampata, kazenera, kabowo kakang'ono. Linga la zipupa zisanu n'ziwiri ndi zipata zokhotakhota linali ndi kampata kake, ndipo amene anakatseka sanali m'gulu la asilikali. Chida chake sichinachoke kosungira zida, chinachoka pamtondo. Dzina lake lili pa bwalo lamasewera la m'tauniyi, apolisi achizimayi oteteza amayi ndi atsikana anatchedwa Obavva Pade, gulu la Obavva, ndipo boma la Karnataka limakumbukira tsiku lake pa 11 Novembala. Ulemu umenewu ndi woyenera. Mbiri imene imangotchula mafumu imaiwala kuti dziko limagwa kapena kuima chifukwa cha munthu amene ali pafupi ndi kampata pa nthawi imene akuluakulu akuyang'ana ku chipata chachikulu.

Pali china m'nkhaniyi chimene ambiri amangochidutsa. Obavva anali paulendo wokatunga madzi. Kumene ankapitako kumatchedwa Tanniru Doni: "tan" kuzizira, "niru" madzi, "doni" mphako ya m'thanthwe yosunga madzi. Kuyambira apa maina a Chitradurga amasiya kutama mwala n'kuyamba kutchula chinthu chosowa.

Derali lili m'chigawo chimene Akannada amachitcha Bayaluseeme, dziko la pambalambanda, posiyanitsa ndi Malenadu, dziko la mapiri ndi nkhalango la kumadzulo. Mphepo ya mvula ikachoka ku nyanja ya Arabia imagunda mapiri a Western Ghats n'kukhuthulira madzi ake komweko. Ikamafika ku Chitradurga, pa mtunda wa mamita oposa 700 kuchokera pa nyanja, imakhala itafinyika kale. Mvula ndi yochepa, yosadalirika, ndipo chilala ndi mlendo wobwerabwera. Linga la pamalo otere silikanagwa ndi mizinga yokha, likanagwa ndi ludzu. N'chifukwa chake amisiri ake anatchera dontho lililonse logwa pa thanthwe. Anakumba maiwe otchedwa "honda" n'kuwalumikiza ndi ngalande, kuti la pamwamba likadzaza lizitayira la m'munsi, mpaka madzi otsala akafike m'tauni. Tamverani maina ake: Gopalaswamy Honda, lotchedwa ndi dzina la kachisi woyandikana nalo, Akka Tangi Honda, maiwe awiri oyandikana, mkulu ndi mng'ono wake wamkazi, Sihineeru Honda, dziwe la madzi okoma, Santhe Honda, dziwe la pamsika. Anthu satcha chinthu maina a chibale ngati sachikonda, ndipo sasiyanitsa madzi okoma ndi ena ngati sanalawepo a mchere.

Nkhawa imeneyi ndi yakale kuposa a Nayaka. Ku Chandravalli kuli thanthwe lolembedwa dzina la Mayurasharma, amene anayambitsa ufumu wa Kadamba m'zaka za m'ma 300. Pamodzi ndi mitundu imene anaigonjetsa, zolembazo zimatchula dziwe limene iye anakonzetsa. Mfumu yofuna kukumbukiridwa kuno inkadziwa kuti kupambana nkhondo pakokha sikukwanira.

Maina a madera asanu ndi limodzi a bomali akunenanso zomwezi. Pali Chitradurga ndi Hosadurga, linga latsopano, pakuti "hosa" ndi chatsopano. Pali Hiriyur, mudzi waukulu, kuchokera ku "hiri", wamkulu, ndi "uru", mudzi. Pali Molakalmuru, kwawo kwa nsalu za silika zotchuka, dzina limene anthu amalimasulira kuti mawondo othyoka, ponena kuvuta kwa miyala ya kumeneko kwa adani othamangitsa eni dziko. Ndiye pali Challakere ndi Holalkere, onse othera ndi "kere", damu la mudzi lotchingira madzi a mvula. Awiri a linga, awiri a damu: umo ndi mmene anthu akuno anagawira mtima wawo.

Damu lalikulu koposa lili m'dera la Hiriyur, pa mtsinje wa Vedavati, umene dzina lake ndi maina a mitsinje iwiri, Veda ndi Avati, yokumana kumtunda, ndipo umakathira mu Tungabhadra. Linatha kumangidwa m'chaka cha 1907 ndipo linatchedwa Vani Vilasa Sagara polemekeza mfumukazi ya ku Mysore imene inkagwirizira mpando mwana wake ali wamng'ono. "Sagara" ndi nyanja yaikulu. Anthu wamba amangoti Mari Kanive, mpata wa pakati pa mapiri wa mulungu wamkazi Mari. Damuli linadzaza mpaka kusefukira m'chaka cha 1933, ndipo silinasefukirenso mpaka 2022. Zaka 89 zimenezi zikulongosola nyengo ya Chitradurga kuposa chiwerengero chilichonse cha mvula.

Pa nthaka youmayi, ya masikweya kilomita pafupifupi 8,400, pakukhala anthu ambiri ndithu. Kalembera wa 2011 anapeza anthu 1,659,456 m'boma lonse, atachotsapo kale dera la Davanagere limene linakhala boma palokha mu 1997. M'tauni ya Chitradurga munali anthu oposa 140,000. Mwa anthu asanu alionse, anayi amakhala kumudzi. Oposa 80 mwa 100 alionse chiyankhulo chawo cha kubere ndi Chikannada, ndipo otsalawo amayankhula Chiurdu, Chitelugu ndi Chilambadi. Pafupifupi 18 mwa 100 alionse ndi a mitundu imene malamulo a India amaiika m'gulu la mafuko ofunika kutukulidwa mwapadera, ndipo ambiri mwa iwo ndi zidzukulu za a Beda aja amene kale anali eni linga. Amalima mbewu zopirira ludzu: mawere, omwe amati "ragi" n'kuphikira nsima yawo yotchedwa "mudde", mapira, mtedza, mpendadzuwa, anyezi ndi thonje. Ku Challakere kuli zigayo zambiri zoyenga mafuta a mtedza. Pamwamba pa mapiri pakuzungulira makina opanga magetsi ndi mphepo, mphepo yomwe ija yobwera yopanda mvula. Kumene alimi abzala makokonati ndi mitengo ya areca, mijigo ikunka nilowa pansi chaka ndi chaka, ndipo maso a ambiri ali pa ntchito ya Upper Bhadra, yofuna kubweretsa madzi kuchokera ku mitsinje ya kumadzulo kudzadzaza madamu a m'midzi.

Mawu otsiriza oti tiwamasule ndi "kaval". Tanthauzo lake ndi kulonda. Ndilo dzina la mabusa aakulu amene mafumu a ku Mysore anapatulira ng'ombe za mtundu wa Amrit Mahal, ng'ombe zamphamvu zimene zinkakoka katundu wa asilikali. Busa linatchedwa ulonda chifukwa panali anthu oliyang'anira kuti lisalimidwe, lisatenthedwe, lisadyetsedwe nthawi isanakwane. M'mabusa a ku Challakere abusa a mtundu wa Kuruba, dzina lochokera ku "kuri", nkhosa, akhala akudyetsa ziweto zawo ndi kuluka mabulangete aubweya otchedwa "kambali". Kenako maekala pafupifupi 10,000 a mabusawa anaperekedwa ku mabungwe a sayansi ndi a chitetezo cha dziko, ndipo anamangidwira mpanda. Pamalo amenewa ndi pamene bungwe la ISRO linayesera kuteretsa chombo chake cha m'mlengalenga mu Epulo 2023. Ndi ntchito yonyaditsa dziko la India, koma mbusa amene wapeza khoma panjira imene agogo ake ankadutsa ndi nkhosa wabwerera ku tanthauzo loyamba la durga: malo ovuta kufikako, ndipo ulendo uno wotsekeredwa kunja ndi mwini dziko.

Sayansi ndi chitetezo zili ndi malo ake, ndipo palibe angakane. Chimene maina a Chitradurga akuphunzitsa n'chakuti dziko louma silikhala ndi moyo chifukwa cha zipupa. A Nayaka anamanga zambiri, koma zinawasunga zaka 200 zokha. Damu la mudzi, dziwe la m'thanthwe ndi busa lolondedwa zasunga anthu kuyambira nthawi ya Mayurasharma mpaka lero. Linga liri ndi oliyang'anira, alendo amalipira pachipata kuti alione, ndipo silidzagwa msanga. Zofunika mlonda tsopano ndi kere, honda ndi kaval. Boma kapena bungwe lofuna kuchitira zabwino anthu a ku Chitradurga liyambe ndi kufukula madamu okwiririka, kutsegula ngalande zakale, ndi kufunsa abusa lisanaike mpanda pa msipu wawo.